Zikomo nonse, makamaka inu amalume

Papita masiku 9 chithyolereni nyumba yathu, ndipo usiku wathawu ndi pamene tulo tinabwerako pang'ono. Nkhani yonse mukuidziwa, sindiibwereza. Ndabwera kudzathokoza basi, ndipo ndikadumpha wina mundikhululukire, mutu sunakhazikike.

Zikomo inu amene munafika m'mawa womwe uja, inu munatisungira ana ife tili kupolisi, inu munatibwereka foni, ndi inu amene munangokhala nafe chete pakhonde. Mulungu abwezere pomwe munachotsa.

Koma amalume anga, aaa! Inu amalume, sindikudziwa poyambira. Munafika ndi bokosi lanu la zida, ndipo musanafunse n'komwe kuti chapita n'chiyani munatitulutsa tonse panja. Zinkaoneka ngati nkhanza, koma munkadziwa chimene mukuchita. Munthu ukapeza chitseko chothyoledwa usalowe, wakubayo akhoza kukhala akadali momwemo. Itana apolisi uli panja. Usasese, usatole magalasi osweka, usatseke madilowa amene awasiya pululu, chifukwa ndi mmene mumakhala zidindo za zala ndi mapazi. Jambula chilichonse mmene chilili, kukonza kubwere pambuyo.

Zimene munatiphunzitsa pachitseko paja ndizilemba pano, chifukwa ambiri mwandifunsa kuti tagula loko wanji. Loko sanathyoke ayi. Chimene chinang'ambika ndi felemu. Kachitsulo kamene loko amalowamo kanagwidwa ndi masikuruwu awiri a masentimita 2 okha, ongoluma thabwa lopyapyala la felemu, ndiye chitsulo chokanulira chikangolowa pampata thabwa limasadzuka, loko n'kutuluka ali wotseka. Amalume anachotsa timasikuruwu tija n'kuika a masentimita 7.5, opyola felemu mpaka kukagwira chimene chili kuseri kwake. Ngati kuseriko ndi njerwa kapena konkire, pamafunika kuboola ndi kuika mabauti a mapulagi, sikuruwu yokha siigwira. Anawonjezanso chitsulo chachitali m'mbali mwa felemu kuti mphamvu isamagwere malo amodzi. Kumahinjesi anachitanso chimodzimodzi, poti ambiri timalimbitsa mbali ya loko n'kuiwala kuti chitseko chili ndi mbali ziwiri. Chitseko chotsegukira kunja ndiye choopsa kwambiri pamenepa, timisomali ta mahinjesi timakhala panja ndipo timazulika. Mankhwala ake ndi tizitsulo tiwiri tokhomedwa m'mphepete mwa chitseko, timene timalowa m'felemu chikatsekedwa.

Za loko weniweniyo, yang'anani zinthu zitatu. Kachitsulo kosendemera kaja, kamene kamadzitsekera kokha mukakankha chitseko, si kotetezera, kamabwerera ndi kapulasitiki kolimba. Chotetezera ndi chija chamakona chimene chimatuluka mukazunguza kiyi, ndipo chizituluka masentimita 2.5. Bowo lake m'felemu likhale lakuya mokwanira. Likafupika, chitsulocho sichifika kumapeto, sichidzimanga, ndipo chimakankhika kubwerera. Ndipo ngati loko wanu ndi wa silinda (kachitsulo kolowetsamo kiyi kamene kamapyola chitseko), silindayo isatuluke kunja kwa chogwirira kupitirira mamilimita 3, chifukwa mbali yotulukayo amaipana ndi pulayazi n'kuithyola pakati. Chitseko chakunja chikhale cha thabwa lathunthu, chochindikala pafupifupi masentimita 4.5. Gogodani, chikamveka ngati ng'oma ndiye kuti m'kati ndi mphako, chimenecho n'cha kuchipinda. Ndipo chitseko chakumbuyo chizilimba kuposa chakumaso, poti kumeneko ndi kumene munthu amagwira ntchito mosaonedwa.

Maloko okoleka nawonso amatinamiza. Timagula loko wamkulu, wonyezimira, n'kumukoleka pa kachitsulo kamene masikuruwu ake akuonekera panja. Wakuba salimbana naye lokoyo, amangomasula masikuruwu. Ikani mabauti a mutu wosalala, opyola chitseko, manati ake akhale m'kati. Loko akhale wa khosi lobisika, losapereka mpata kwa chodulira.

Pazitsulo za m'mawindo amalume anakhalitsa kwambiri, ndipo ine ndinkatopa nawo, ndivomere. Mpata pakati pa zitsulo usapitirire masentimita 12. Chitsulo chikhale chathunthu, osati paipi, chosachepera mamilimita 12. Zazitali zikhale ndi china chopingasa chowotcherera pakati, apo ayi jeke wa galimoto amazikanula mwakachetechete mpaka munthu wochepa thupi kulowa. Zilowe m'khoma, osati zongomangidwa ndi masikuruwu oti amasuka kuchokera panja. Koma chimene anabwereza katatu ndi ichi: kuchipinda chogona windo limodzi likhale ndi zitsulo zotseguka kuchokera m'kati, kiyi wake akhale pamalo amene aliyense m'nyumba akuwadziwa koma dzanja lochokera panja silifikapo. Mantha a akuba asatipangitse kudzitsekera m'khola loti moto ukabuka tisowe potulukira. Inu amalume, tinali okonzeka kuwotcherera paliponse tsiku limenelo, munatigwira dzanja.

Zina n'zochititsa manyazi chifukwa sizifuna ndalama. Makwerero, fosholo, piki ndi zitsulo zongotayidwa pabwalo, zonsezi ndi zida zimene timabwereka akuba tokha. Kiyi wa pansi pa chopondera kapena pansi pa mphika wa maluwa ndi woyamba kufufuzidwa. Kiyi wosiyidwa m'loko pafupi ndi galasi, n'chimodzimodzi kutsegula. Zomera zotalika pansi pa windo zimabisa munthu. Ulendo wanu muziulengeza pa Facebook mutabwerako.

Nyali ndi makamera sindichulutsa. Nyali yoyaka yokha munthu akadutsa ikhale pamwamba poti dzanja silifika, mamita 2.5 kapena kupitirira. Kamera yoikidwa pamwamba kwambiri imajambula chipewa, osati nkhope, ndipo yoyang'anizana ndi nyali imajambula chithunzithunzi chakuda. Kabokosi kosungira zithunzi kabisike, akakanyamula ndiye kuti zonse zapita, komanso kakhale ndi batire loti kazigwirabe ntchito magetsi akazima.

Chimene chimapweteka kupolisi ndi funso loti, nambala ya chipangizocho ndi chiyani? Kunena kuti laputopu yakuda sikuthandiza aliyense. Lero lomwe, imbani *#06# pafoni yanu, ituluka nambala ya IMEI ya manambala 15, imene ndi chizindikiro cha foni yanuyo. Ilembeni papepala. Jambulani nambala za kuseri kwa TV, kompyuta ndi njinga, pamodzi ndi malisiti, ndipo zithunzizo zisakhale m'foni mokha, poti foniyo imapita limodzi ndi katunduyo. Foni kapena kompyuta ikabedwa, tsekani SIM ndi makhadi a kubanki nthawi yomweyo, kenaka sinthani mawu achinsinsi kuyambira a imelo, chifukwa ena onse amabwezeretsedwa kudzera mmenemo. Makiyi akasowa, ngakhale amodzi, maloko onse asinthidwe lisanalowe dzuwa. Lipoti la apolisi musunge bwino, a inshulansi amalifuna.

Ndinafunsa amalume chifukwa chake ankakakamira kumaliza chitseko usiku womwewo, tochi ili kukamwa. Akuti nyumba yothyoledwa kamodzi kawirikawiri amaibwerera pasanapite nthawi, njira akuidziwa kale, ndipo akudziwa kuti zobedwa zija zigulidwanso zatsopano. Choncho makatoni a katundu watsopano musawaunjike pageti, ang'ambeni.

Kwa inu amene munaimba foni kungofuna kudziwa kuti aba zingati, kenaka zii, nanunso zikomo, taphunzirapo kanthu. Enanso akuti tinadzichititsa tokha. Mwina n'zoona, masikuruwu anali aafupi. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, kaoneni masikuruwu a pachitseko chanu. Ambuye andichotsere mkwiyo umenewu, sindikufuna kugona nawo. Tikuyamika kuti palibe anavulala, ndipo ana ayambanso kugona kuchipinda kwawo, ngakhale nyali ikumakhala yoyaka.

Amalume, munakana ndalama, munakananso kugona pabedi mausiku atatu aja, munati pampando pafupi ndi chitseko ndi pabwino. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi manja olimba. Windo la kubafa lija latsala, zitsulo tagula za mamilimita 12 monga munanenera. Makina anu oboolera ali kuno, tikudikirani Loweruka.