Zikomo, mayi loya anga

Chigamulo cha mlandu wolimbirana nyumba yathu chinatuluka Lachinayi, nyumbayo yatsala m'manja mwa ine ndi ana. Mauthenga anu ndawaona onse koma sindinayankhe, thupi langoti lefuu. Zimene tadutsamo chimwalirireni bambo a ana mukuzidziwa, sindibwerezanso.

Pali munthu mmodzi amene sindingagone ndisanamuthokoze, ngakhale dzina anandiletsa kulilemba pano. Mayi loya anga.

Tsiku loyamba ndinalowa mu ofesi yawo ndi jumbo lodzaza mapepala, ndikulankhula osapuma. Anandisiya ndilire kaye, kenako anandipatsa pepala limodzi ndi cholembera. "Mayi, lembani zonse motsatana ndi masiku ake. Zimene munaona ndi maso anu pamwamba, zongomva kwa anthu pansi." Mumtima ndinati munthu uyu alibe chisoni. Patatha sabata jumbo lija linasanduka fayilo, tsamba lililonse lili ndi nambala yake: satifiketi ya ukwati, chikalata cha imfa, mpaka malisiti a simenti ndi malata amene malemu ankasunga m'bokosi la nsapato, ine ndikumawaseka kuti akusunga zinyalala. Malisiti amenewo ndi amene anatiyankhulira kukhoti. A jaji akafunsa kanthu, iwo ankangoti "tsamba 41", osachita kufufuza.

Mlandu unasunthidwa tsiku kangapo, ndipo nthawi zonse ankandiimbira tsiku lomwelo kundiuza chifukwa chake. Koma ikangokwana 5 koloko, basi, foni yawo inali zii. Ankathamangira kukatenga ana awo, ndipo Lamlungu sagwira fayilo ya munthu. Zinkandiwawa, sindinama. Usiku wina ndinaimba kasanu mantha atandigwira. M'mawa 7 koloko anaimba okha, uthenga wanga atauwerenga kale, yankho lili m'manja. Anangoti, "Anga aja amafunanso mayi awo madzulo, ngati mmene anu amakufunirani inu." Ndinasowa chonena.

Sankalalikira ayi. Koma wachibale wina atandilangiza kuti tiwonjezere kabodza kakang'ono m'chikalata cholumbira, anatseka fayilo n'kundiyang'ana. "Mulumbira pamaso pa Mulungu musanalumbire pamaso pa khoti. Ine izo sindilemba." Tsiku lina nditati ndatopa, angoitenga nyumbayo, ananditumizira uthenga wa mawu awiri okha, Luka 18. Ndinakawerenga za mayi wamasiye uja amene ankabwerabe kwa woweruza mpaka anamuthandiza. Ndinalira, koma tsiku la mlandu ndinadzuka n'kuvala.

Achemwali anga, zikomo posunga ana masiku onse a kukhoti. Amayi a kumpingo amene munkakhala nane pa benchi panja mpaka dzuwa kupendeka, Mulungu akukumbukireni. Ena amene munandigwira dzanja pamaliro paja n'kumati "tili nanu", ndikhulupirira mafoni anu akonzeka tsopano.

Ambuye, mayi amenewa muwasungire banja lawo monga iwo anasungira langa. Muwapatse tulo tabwino.

Lachisanu ndinapita kukawathokoza pamaso, mawu nditawakonza usiku wonse. Ndinangoyamba pang'ono, anandikumbatira, kenako anandipatsa kapepala ka zinthu zitatu zoti ndikachite kuti dzina lisinthidwe pa chikalata cha nyumba. Anayang'ana wotchi, inali 4:50, anatenga makiyi a galimoto.