Zidutswa zinayi za chitsulo chimodzi

Kwa milungu isanu ndi umodzi ya teremu yapitayi ndinkakhulupirira kuti phunziro la kasinthidwe ka mkati mwa zitsulo ndalimvetsa, chifukwa chithunzi chimene timachitcha phase diagram ya chitsulo ndi kaboni, chosonyeza kakhalidwe ka mkati mwa chitsulo malinga ndi kutentha ndi kuchuluka kwa kaboni, ndinali nditachiloweza pamtima, moti ndinkatha kuchijambula buku lili chitsekere. Ndinkadziwa kuti chitsulo chopanda kaboni chikatentha kufika madigiri 912 a Celsius maatomu ake amasintha kakhalidwe, kuchoka pa ferrite kupita pa austenite, kuti amasinthanso pa 1394, ndipo chimasungunuka pa 1538. Ndinkadziwanso kuti austenite yokhala ndi kaboni wokwana 0.76 peresenti ikazizira kudutsa madigiri 727 imagawanika kukhala ferrite ndi cementite (chitsulo chomangana ndi kaboni wambiri), zimene pamodzi timazitcha pearlite. Manambala onsewa ndi oona ndipo ndikuwagwiritsabe ntchito, koma pali chinthu chimodzi chimene chithunzicho sichinena, ndipo ndinachizindikira titalowa mu labotale.

Gulu lathu linapatsidwa ndodo imodzi ya chitsulo cha kaboni pafupifupi 0.8 peresenti, ndipo tinaidula ndi sowo zidutswa zinayi, chilichonse chonenepa ngati chala. Zonse tinaziika m'ng'anjo yamagetsi pa madigiri 850 kwa theka la ola kuti zisanduke austenite mpaka pakati. Choyamba tinachisiya m'ng'anjo momwemo titazimitsa magetsi kuti chizizire usiku wonse, chachiwiri tinachitsamiritsa pa njerwa kuti chizizire ndi mphepo, chachitatu tinachiviika mu oilo, ndipo chachinayi tinachiponya m'ndowa ya madzi, chinalira kamodzi n'kutulutsa nthunzi. Tisanachoke, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe papepala zimene akuyembekezera kukapeza mkati mwa chidutswa chilichonse. Ine ndinatsata mzere wa 0.8 peresenti kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndinapeza pearlite, ndipo ndinalemba yankho lomwelo kanayi, mtima uli m'malo.

M'mawa mwake tinayamba ndi tupa. Pa chidutswa cha m'ng'anjo tupa inadya mosavuta, tizinyenyeswa tikugwera pa tebulo. Pa cha pamphepo inadyabe koma dzanja linayenera kukanikiza, ndipo pa cha mu oilo inavutikira kwambiri. Pa cha m'madzi tupa inangoterereka ikulira ngati yakhudza galasi, osasiya ndi kamzere komwe, ndipo titachitembenuza tinaona mng'alu woonda ngati tsitsi ukuyenda kuchokera pa ngodya kulowera pakati. Aphunzitsi anatenga pepala langa, analiwerenga, kenaka anati: "Chithunzi mwachiwerenga bwino ndithu. Tsopano tandisonyezani pamene pali nthawi." Ndinayang'ana mbali yoimirira, inali ya kutentha, ndinayang'ana mbali yogona, inali ya kuchuluka kwa kaboni. Nthawi panalibepo.

Phase diagram imangonena kumene maatomu angakakhazikike atapatsidwa nthawi yonse imene akufuna, koma sinena ngati adzafikako. Mu austenite kaboni amakhala wofalikira mofanana paliponse. Ferrite salandira kaboni woposa 0.022 peresenti, pamene cementite imafuna pafupifupi 6.7 peresenti, choncho kuti pearlite ipangike kaboni ayenera kusamuka m'malo ena ndi kukaunjikana m'malo ena, ndipo zonsezi zichitike mkati mwa chinthu cholimba chimene sichinasungunuke. Kusamuka kumeneku ndiko timakutcha diffusion: atomu imanjenjemera pamalo pake chifukwa cha kutentha, ndipo nthawi zina imapeza mphamvu zokwanira kulumphira pamalo oyandikana nawo. Titapukuta zidutswazo mpaka kuwala ngati kalilole, n'kuzipaka nital, amene ndi asidi wochepa wosakaniza ndi mowa wa mu labotale, tinaziika pa maikulosikopu. M'chidutswa cha m'ng'anjo munali mizere yoyera ndi yakuda yogonerana ngati mizere ya pa chala, yotakata ndi yooneka bwino, pamene m'cha pamphepo mizere yomweyo inali yothithikana moti ina sinkasiyanitsika. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake pearlite imakula m'timizere: kaboni safunika kuyenda ulendo wautali, amangopatukira pambali kuchoka pamene pakumera ferrite kupita pamene pakumera cementite, ndipo nthawi ikachepa, mtunda umene angayende umachepanso, timizere n'kuyandikana. Henry Clifton Sorby, amene anayamba kuyang'ana zitsulo zopukutidwa pa maikulosikopu mumzinda wa Sheffield m'zaka za m'ma 1860, anaona kuti malo oterewa amanyezimira ngati ngale, imene m'Chingelezi ndi pearl, ndipo dzina la pearlite linachokera pamenepo. Ndinadzawerenganso pambuyo pake kuti ngakhale cementite yeniyeniyo si malo omaliza a kaboni, popeza itasungidwa pa kutentha kwakukulu kwa nthawi yaitali imatha kuphwasuka kukhala chitsulo ndi graphite, amene ndi kaboni payekha. Tingati chithunzi chimene ndinaloweza chija chinabisa nthawi mkati mwake kuyambira pachiyambi.

Malamulo awiri a Fick, ofotokoza za diffusion, ndinali nditawaphunzira kale ngati masamu chabe. Adolf Fick, amene anawalemba mu 1855, sanali munthu wa zitsulo koma wa maphunziro a thupi la munthu, ndipo ankayesa mmene mchere umafalikira m'madzi, potengera mmene katswiri wa masamu Fourier anafotokozera kayendedwe ka kutentha. Panapita zaka zoposa makumi anayi kuti William Roberts-Austen, amene austenite inatengera dzina lake, asonyeze mu 1896 kuti golide amalowerera mu mtovu wolimba ndipo liwiro lake lingayezedwe. Chimene chinanditsegula maso ndi mfundo imodzi yotuluka m'lamulo lachiwiri, yakuti mtunda umene maatomu amalowerera sukula mofanana ndi nthawi koma ndi square root ya nthawi, kutanthauza kuti wofuna kuzama kowirikiza kawiri ayenera kudikira nthawi yowirikiza kanayi. Ndinakhala pansi ndi kuwerengera ndekha: pa madigiri 900 kaboni amene akulowa mu austenite kuchokera kunja amazama pafupifupi theka la milimita m'maola khumi, ndipo kuti afike milimita yathunthu pamafunika maola makumi anayi. Koma kutentha kukakwera kufika 1100, diffusion coefficient, nambala yosonyeza kufulumira kwa kusamuka kwa maatomu, imakula pafupifupi kasanu ndi kanayi. N'chifukwa chake opanga magiya, amene amalowetsa kaboni pakhungu la mano a giya kuti asaperepeseke msanga, amaganizira kwambiri za kutentha kwa ng'anjo kusiyana ndi kungoonjezera maola.

Kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kulumikizana. Austenite ikatsika pang'ono chabe pansi pa 727, maatomu amayenda mwachangu koma chowakankhira kuti asinthe ndi chochepa, choncho pearlite imachedwa kuyamba. Ikatsika kwambiri, chowakankha chimakula koma maatomu amakhala atauma miyendo. Pakati pa ziwirizi, cha m'ma 550, ndi pamene kusintha kumafulumira koposa, moti m'chitsulo ngati chathuchi kumayamba pasanathe sekondi imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Edgar Bain ndi Edmund Davenport, akugwira ntchito ku kampani ya United States Steel, anafalitsa mu 1930 zithunzi zoyamba zoika nthawi pa mbali yogona, zimene lero timazitcha TTT, ndipo mzere wake umapindika ngati chilembo C, pamene pakufulumirapo timati mphuno. Chidutswa chathu cha m'madzi chinazizira msanga kotero kuti chinalambalala mphunoyo, kaboni osapeza mpata wosamuka. Chitafika cha m'ma 220, maatomu a chitsulo anasuntha onse pamodzi, iliyonse pang'ono chabe osasiyana ndi anzake oyandikana nawo, pa liwiro loyandikira la mawu m'chitsulo, ndipo kaboni anatsekeredwa pomwe anali. Zotulukapo ndi martensite, dzina lokumbukira Adolf Martens wa ku Germany, ndipo pa maikulosikopu inaoneka ngati masingano omwazikana mopingasana. Martensite sipezeka pena paliponse pa phase diagram. Mng'alu uja nawonso unamveka: martensite imatenga malo aakulu kuposa austenite ndi pafupifupi 4 peresenti, ndipo khungu likauma kale, mkati mukamafufuma pambuyo pake, chinthu cholimba ndi chosapindika chotero chilibe kothawira koma kung'aluka.

Pa tchuthi ndinapita kumsika wa kwathu kukakhala pa chipala cha bambo wina wosula nkhwangwa ndi zikwanje, amene ndakhala ndikuwadutsa kuyambira ndili mwana osaimapo. Chitsulo chawo chambiri ndi masipuling'i akale a galimoto. Tsiku limenelo ankamaliza nkhwangwa. Mnyamata wawo akupemerera makala, anaitenthetsa mpaka kufiira, anaitulutsa ndi mbaniro, n'kuviika kukamwa kwake kokha mu chitini cha oilo wakale wa mu injini, kumsana kukadali moto. Kenaka anaitulutsa msanga, anakhula kukamwako ndi mwala mpaka chitsulo chinayera, ndipo anangokhala chete maso ali pomwepo. Kutentha kotsala kumsana kunayamba kutsikira kukamwa, ndipo ndinaona mitundu ikuyenda pang'onopang'ono, patsogolo wonga udzu wouma, pambuyo pake wofiirira, kumbuyo kwenikweni wobiriwira ngati thambo. Wofiirira utangofika m'mphepete, anaimiza nkhwangwa yonse. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, bwanji simuviika m'madzi?" Anayankha osatembenuka kuti, "Madzi ndi achangu, mwanawe. Cha sipuling'i ukachipatsa madzi chimang'aluka usanafike nacho kunkhuni."

Zimene ankachita ndi zimene buku limatcha tempering. Martensite yongotuluka kumene ndi yolimba koma yosachedwa kusweka, choncho amaitenthetsanso pang'ono kuti kaboni wotsekeredwa uja ayende kamtunda kakafupi n'kupanga timadontho ta carbide (kaboni womangana ndi chitsulo), chitsulo n'kutaya kuuma pang'ono koma kupeza kupirira. Mitunduyo imachokera ku kachikopa kopyapyala ka oxide kamene kamakula pamwamba chitsulo chotentha chikakhudzana ndi mpweya, ndipo wa udzu wouma umaoneka cha m'ma 230 pamene wobiriwira umabwera cha m'ma 300. Sindikufuna kukokomeza ponena kuti bambowo amadziwa za maatomu, koma ndikunena motsimikiza kuti chimene ine ndinaiwala pa pepala lija, iwo amachiyeza ndi maso tsiku lililonse, ndipo akachedwa masekondi ochepa nkhwangwa imafewa n'kumabuntha msanga. Chimene sukulu ingandionjezere ndi kutha kuneneratu za chitsulo chimene sindinachigwirepo, kapena chonenepa kwambiri moti mkati mwake simungazizire pa liwiro la kunja.

Yankho lawo linandisiyira funso lina: n'chifukwa chiyani oilo, amene sanakwanitse kuumitsa bwino chidutswa chathu chachitatu, amakwanira pa sipuling'i? Zitsulo zambiri za masipuling'i zimakhala ndi chromium kapena manganese woonjezera, ndipo maatomu amenewa sayenda ngati kaboni. Kaboni ndi wamng'ono, amadutsa m'mipata ya pakati pa maatomu a chitsulo, koma atomu yaikulu imadikira kuti pambali pake papezeke malo opanda mwini, amene timawatcha vacancy, ndipo kudikira kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zimachedwetsa pearlite ndi kukankhira mphuno ija patsogolo, moti ngakhale kuzizira kofatsa kwa oilo kumailambalala. Umboni wakuti maatomu aakulu amayenda motere unachokera kwa Ernest Kirkendall ndi wophunzira wake Alice Smigelskas ku Wayne University mumzinda wa Detroit mu 1947. Anatenga brass yokhala ndi magawo 70 a kopa ndi 30 a zinki, anaikulunga ndi timawaya ta chitsulo chotchedwa molybdenum, anakuta zonse ndi kopa, n'kuzitenthetsa pa madigiri 785 mpaka masiku 56. Timawayato tinasendera mkati, chifukwa zinki ankatuluka mofulumira kuposa mmene kopa ankalowera, chinthu chosatheka maatomu akanakhala kuti amangosinthana malo awiriawiri monga akatswiri ambiri ankaphunzitsira nthawi imeneyo. Robert Mehl, mmodzi wa akuluakulu a maphunzirowa, anakana zotsatirazo poyamba ndipo anadzazivomereza patapita zaka zingapo. Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa chida chawo chinali chapafupi, waya ndi ng'anjo ndi kudikira kwa miyezi iwiri, koma chinasintha mmene aliyense amaganizira za mkati mwa chitsulo.

Kawerengedwe kanga kasintha kuyambira pamenepo. Ndikakumana ndi funso lililonse la phunziroli, ndisanatsegule chithunzi ndimalemba m'mphepete mwa pepala kuti ndi atomu iti imene iyenera kusamuka, iyende mtunda wotani, ndipo yapatsidwa nthawi yochuluka bwanji pa kutentha kumeneko. Sabata yamawa tikubwerera mu labotale ndi zidutswa zina zitatu zoviikidwa m'madzi, zimene tidzazitenthetsenso kwa ola limodzi, china pa madigiri 200, china pa 400 ndi china pa 600. Pepala langa ndalemba kale: cha pa 200 tupa idzaterereka monga kale, cha pa 400 idzayamba kudya, ndipo cha pa 600 ndikuyembekezera kuona timadontho tozungulira ta cementite titamwazika mu ferrite, osati timizere ta pearlite, ngakhale kuti pa phase diagram zonse ziwirizi zimagwera pamalo amodzi.