Sabata imene ndinasiya kuwaseka azungu pa nkhani ya dzuwa

Ine ndinakulira ku Nchalo, ku Chikwawa uko, nde munthu akamandiuza za kutentha ndimangomuyang'ana. Kwathu mu Okutobala ndi Novembala 40 digiri si nkhani yoti n'kulengeza pa wailesi, anthu amakhala ali m'minda ya nzimbe, azimayi ali pamsika, ife ana tikuthamanga opanda nsapato mchenga ukuotcha mapazi. Ndiye Lachisanu pa 15 Julaye 2022 a Met Office, oona zanyengo kuno ku UK, atatulutsa chenjezo lofiira la kutentha koopsa, loyamba chiyambire, ati Lolemba ndi Lachiwiri kukhoza kufika 40, ine ndinaseka zedi. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ya Amalawi a kuno kunali nthabwala zokhazokha, wina ati azungu akulira ndi dzuwa loyanikira mphale kkkk. Ndinawaimbira amayi kumudzi, iwo ali mu juzi paja Julaye kwathu kumazizira, anangoti "40 yokhayo? Uwauze abwere kuno mwezi wa khumi adzaone."

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuno ku Nottingham. Eya yomwe ija ena kumudzi amatinena nayo kuti tinakwera ndege kukasambitsa nkhalamba, zilibe kanthu, malata a nyumba ya amayi anachokera momwemo. Pa tsiku ndimayenda makomo 12 kapena kuposa, pena mphindi 30 pena 45, kudzutsa, kusambitsa, kupereka mankhwala, kukonza chakudya, kulemba mu foni zomwe wachita, kenako pagalimoto kuthamangira khomo lina. Ambiri mwa anthu anga amakhala okha. Ukangotseka chitseko iweyo, saonanso munthu mpaka udzabwerenso.

Loweruka a manejala anatumiza uthenga wautali, ati tizilemba madzi amene aliyense wamwa, tizitseka makatani, tione kuti mankhwala asakhale pawindo poti ambiri safuna malo otentha kupitirira 25 digiri. Ndinangoupyola ndi maso. Mumtima ndinkati abwana mukufuna kuphunzitsa mwana wa kuchigwa cha Shire za dzuwa?

Lolemba khomo loyamba linali la agogo aamuna a zaka 88, munthu woti anakalambira m'migodi ya malasha ya kuno ku Nottinghamshire. 7 koloko m'mawa ndinawapeza avala kale vesiti, shati ndi juzi ya ubweya, mabatani mpaka pakhosi. Ndinati agogo lero juziyi ipume, iwo ayi, "ndakhala pansi pa nthaka zaka 30, kutentha ndimakudziwa kuposa iwe." Ndinatsala pang'ono kuseka poti mawu ake ndi omwe aja ndinkadziuza ine. Madzi safuna kumva, ati madzi ndi osamba, iwo ndi tiyi basi. Sindinalimbane nawo, tiyi ndi madzi ndithu, ndinawapangira makapu awiri n'kuwaikiranso jagi pambali.

Vuto la okalamba ndi limeneli, ludzu salimvanso ngati ifeyo, thupi limauma iwo akuti ali bwinobwino. Thukuta nalo limatuluka lochepa, nde mtima ndi umene umavutika kupopera magazi kukhungu kuti thupi lizizire, mtima wake wotopa kale. Kuonjezera apo ambiri ali pa mapiritsi aja ochotsa madzi m'thupi ngati furosemide. Ndipo china chomwe sumachiwerenga m'mabuku a maphunziro athu, amamwa pang'ono dala, chifukwa chimbudzi chili m'mwamba ndipo masitepe 13 kwa iwo ndi ulendo wa tsiku lonse. Agogo aja anandiuza okha.

Khomo lachitatu ndinangotsegula chitseko n'kubwerera m'mbuyo, m'nyumba ngati mu uvuni wa njerwa. Agogo aakazi amene amaiwalaiwala anali atayatsa hita yotenthetsera m'nyumba. Sikuti amamva kuzizira ayi, kungoti zaka zonsezi akadzuka chinthu choyamba amadina batani limenelo, dzanja linazolowera. Ndinathimitsa, ndinamata kapepala pabatani, masana mnzanga anakapeza kapepala kachotsedwa hita ikuyakanso. Tinachita kuwaimbira ana awo kuti atilole tithimitsire kumene iwo sangafikeko.

Koma amene ndikufuna kunena kwenikweni ndi agogo ena aakazi a zaka 91, okhala pa fulati ya pamwamba penipeni, mawindo ake oyang'ana kumwera kumene dzuwa la kuno limatandala. Munthu waukhondo, wa mutu wabwino kuposa ine, amakumbukira mpaka dzina la mwana wanga ndi kalasi imene ali. Lolemba masana ndinapeza m'nyumba muli bii, makatani otseka monga mnzanga wa m'mawa anasiyira, nde ine nzeru zakwathu zinandigwira, ndinati munthu angakhale bwanji mophimbidwa chonchi, ndinatsegula makatani ndi mawindo onse kuti kamphepo kazilowa, fani n'kuwalozetsa kumaso. Anandithokoza, ine n'kumapita ndikudziona ngati katswiri.

Panalibe kamphepo kalikonse. Mpweya wa panja unali wotentha kuposa wa m'kati ndipo ndinaulowetsa ndekha, pamodzi ndi dzuwa lomwe. Uthenga wa a manejala uja unanena zimenezi, masana tsekani usiku tsegulani, ndi zoti kukapitirira 35 digiri fani imangokuuzira moto, ine sindinawerenge mpaka kumapeto.

Nyumba za kuno abale anazimanga kuti zizisunga kutentha, poti mdani wawo chikhalire ndi chisanu. Njerwa zochindikala, m'denga ndi m'makoma anaikamo zotsekera kuti kufunda kusathawe, magalasi awiriawiri, pansi kapeti mpaka m'masitepe, ndipo makina oziziritsa m'nyumba ndi osowa kwambiri, m'makomo anga onse mulibe ndi amodzi omwe. Ndi fulasiki ya tiyi yeniyeni, chimene walowetsa sichituluka. Palibe khonde, palibe mtengo wa mango woti ukakhale pansi pake, palibe zotulutsa mphasa kukagona pabwalo ngati timachitira kwathu. Komanso kwathu dzuwa ikamakwana 6 madzulo lapita, kuno mu Julaye limatuluka cha m'ma 5 m'mawa n'kukalowa 9 itadutsa, maola 16 likuwomba nyumba yomweyo. Usiku wa Lolemba uja ine sindinagone, khoma la kuchipinda kwanga ukaligwira linali lofunda ngati mbaula yongophulapo poto. Pa TV ankaonetsa kuti ku Luton ndege zinaima kaye poti phula la pabwalo linawonongeka ndi kutentha, ku Hawarden ku Wales kunafika 37.1.

Lachiwiri pa 19 ndi tsiku limene sindidzaliiwala. Nthawi imeneyo tinkavalabe masiki chifukwa cha Covid, kuphatikiza epuloni ya pulasitiki ndi magolovesi, nde tangoganizani kusambitsa munthu m'kabafa kopanda windo uli m'mapulasitiki, ukavula golovesi thukuta limachita kukhuthuka ngati wathiramo madzi. Chiwongolero cha galimoto chosagwirika. M'misewu zii, ana ambiri sanapite kusukulu, sitima za pakati pa London King's Cross ndi York anaziimitsa poopa kuti njanji zipindika.

Kwa agogo a pa fulati aja ndinafika cha m'ma 1 koloko. Ndinagogoda, ndinaitana monga mwa nthawi zonse, phee. Ndinawapeza pampando wawo maso ali otsegula koma akundiyang'ana ngati mlendo, kenako anandiitana dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale, ati ndikatenge njinga tizipita. Kapu ya madzi imene mnzanga anasiya m'mawa inali chidzadzire. Ndinawagwira pamkono, khungu lotentha koma louma gwaa, thukuta n'kamodzi komwe, kupuma kwake kofulumira. Pamenepo miyendo yanga inazizira, chifukwa munthu akatopa chabe ndi kutentha amatuluka thukuta ndipo ukamuziziritsa mphindi 30 amabwerera, koma akafika posokonezeka mutu khungu lili louma ndiye kuti thupi lagonja, ndi heatstroke imeneyo, imapha.

Ndinaimba 999. Mayi amene anayankha anandifunsa mafunso ake n'kunena kuti ambulansi ibwera koma odwala achuluka, ndiyambe kuwaziziritsa. Ndinatseka makatani, ndinawavula kadigani ndi masokosi, ndinanyowetsa matawulo onse a m'bafa n'kuwaika pakhosi, m'khwapa ndi m'ntchafu, mu firiza munalibe ayisi koma munali paketi ya nsawawa zoundana ndi kuzizira, ndinaikulunga m'kansalu n'kuwaika kumbuyo kwa khosi. Madzi ndinkangowanyowetsa milomo ndi supuni poopa kuwatsamwitsa. Foni ya kuntchito ikulira kuti ndachedwa makomo atatu, ine ndagwada pakapeti ndikupemphera m'Chichewa mokweza, agogo akundifunsabe za njinga. Tinadikira kupitirira ola, kwa ine chinali chaka. Anyamata a ambulansi atafika nkhope zawo zinali psuu, mmodzi ndisanamufunse anangomwa madzi a pampopi makapu awiri ali chiimire.

Sindinganene kuti mawindo anga a Lolemba ndi amene anawadwalitsa, anzanga onse amati ayi fulati imeneyo ikanatentha basi. Komabe ndimadziwa chimene ndinachita.

Nditatuluka mmenemo ndinayenda makomo ena awiri kenako mutu unayamba kuwawa ngati wina akukhoma msomali, maso kuchita mdima, ndinaimika galimoto pambali pa msewu n'kusanza. Ine, mwana wa ku Nchalo. Nditawerengera ndinapeza kuti kuyambira m'mawa ndinangomwa kabotolo kamodzi, ndikukakamiza anthu ena kumwa. Thupi limazolowera kutentha pang'onopang'ono, sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo limaiwalanso, langali linali litakhala zaka 4 mu juzi, za ku Chikwawa zinangotsala m'kamwa.

Madzulo ndi pamene ndinamva kuti ku Coningsby, ku Lincolnshire koyandikana nafe konkuno, kwafika 40.3, kuposa 38.7 ya ku Cambridge ya mu 2019 imene inali yapamwamba. Ku Wennington kum'mawa kwa London nyumba zinapsa ndi moto wochokera pa udzu wouma, ndipo mawa lake meya Sadiq Khan anati ozimitsa moto a mu London sanatanganidwepo chonchi chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Pa gulupu ya WhatsApp ija panali chete, ambiri mwa ife ntchito ndi yomweyi, aliyense anali ndi zake zimene waona.

Ndinawaimbiranso amayi usiku womwewo, ndinawafotokozera zonse. Sanaseke ulendo uno. Anakhala chete kenako anati, "Nanga agogowo analibe mdzukulu woti aziwapatsa madzi?" Ndinati ali nawo amayi, koma ali kutali, amabwera pa Khirisimasi. Iwo anangoti "Hmm." Ine pambuyo pake ndinaganizanso za nkhalamba za kwathu zimene zinkamwalira mwezi wa Novembala ife n'kumati ndi BP kapena ukalamba basi, kaya mwa iwo ndi angati linali dzuwa lomweli.

Lachitatu kunja kunazizirako, anthu pa wailesi akusangalala kuti zatha, koma m'makomo munali motenthabe, njerwa zikubweza za dzulo. Ndipo mavuto ambiri anatulukira pamenepa. Agogo a hita aja anayamba kubwebweta kuposa masiku onse, nesi atabwera anapeza matenda a m'chikhodzodzo, zimenezi zimakonda kubwera munthu akauma madzi. Wina mapazi otupa, wina osadya masiku awiri. Agogo a kumigodi anagwa usiku popita kuchimbudzi, chizungulire, mwayi wake anavala kabatani koitanira thandizo pakhosi, anangosupuka chigongono. Patapita miyezi a boma anadzalengeza kuti m'masiku otentha a chilimwe chimenecho ku England kunamwalira anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo oposa 2,800 kuposa mmene zimakhalira. Ambiri mwa anthu otere samagwa pamsewu anthu akuona, amathera pampando m'nyumba zawo kapena kuchipatala patadutsa masiku.

Lachinayi ndinatsegula rota, ndandanda wa makomo oyendera, ya sabata yotsatira, dzina la agogo a pa fulati mulibe. Pantchito yathu dzina likasowa sumafunsa pa gulupu, umaimbira ku ofesi mwakachetechete. Anati akadali m'chipatala, impso zavulala, ndipo akatuluka sadzabwereranso ku fulati ija, apita kunyumba yosungirako okalamba. Sindinawaonenso.

Lachisanu m'mawa kunali kamvula kowaza, ndinafika kwa agogo a kumigodi ndikuwapeza ali mu juzi yawo ija mabatani mpaka pakhosi, bandeji pachigongono. Pa tebulo jagi ya madzi inali itatsika mpaka theka. Ndinati eee agogo mwamwa madzi osamba? Anati ayi, athirira duwa la pawindo, linafota. Ndinayang'ana duwalo dothi lake louma gwaa. Ndinalemba mu foni 500 ml, n'kukateleka ketulo ya tiyi.