Mmene ndinadziwira ndege ya pachithunzi cha agogo cha ku Burma

Agogo anga aamuna anamenya nawo Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse ku Burma (dziko lomwe lero limatchedwa Myanmar), m'gulu la King's African Rifles, ndipo ndege iliyonse ya munthu mmodzi ankaitchula kuti Spitfire. Asilikali ambiri oyenda pansi ankatero, poti dzinalo ndi lomwe linali pakamwa pa aliyense. Ndiye chithunzi chawo chakale, chomwe aima ndi anzawo pambali pa ndege, ndinafuna kuchiunika ndekha kuti ndidziwe mtundu wa ndegeyo komanso nthawi yomwe chinajambulidwa.

Ndinayamba ndi kuchiika pa sikana, osati kuchijambula ndi foni. Foni imafafaniza tizilembo ta kumchira, pamene tizilemboto ndi timene mudzatifune pamapeto.

Nditachikulitsa pa kompyuta, maso anga anapita kumiyendo. Miyendo ya Spitfire ndi yoyandikana ndipo ikanyamuka imapindikira kunja, cha kunsonga za mapiko. Ya Hurricane, ndege ina yankhondo ya ku Britain ya munthu mmodzi, ndi yotangadza, imapindikira mkati. Ya pachithunzipa inali yotangadza, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe Hurricane inkatera bwino pamabwalo a dothi okumbikakumbika. Anthu amakonda kuyambira pa mapiko, chifukwa a Spitfire ndi obulungira mochititsa kaso, koma ndege ikajambulidwa ili pansi, anthu ataima kutsogolo kwake, mapikowo saoneka bwino. Kumsana kwa ndege ya pachithunziyi kunali linunda kuseri kwa pokhala woyendetsa, ndipo rediyeta inali pamimba, pakatikati, osati pansi pa phiko monga zilili pa Spitfire.

Chomwe chinandigwira mtima ndi thupi lake chakumchira. Panali mizere yoyenda m'litali, ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Imeneyo ndi nsalu yokutidwa pa timatabwa ndi mapaipi achitsulo. Sydney Camm, yemwe anajambula pulani ya Hurricane, anatsata kapangidwe kakale, ndipo ndegeyi inauluka koyamba mu November 1935, miyezi inayi Spitfire ya R. J. Mitchell isanauluke. Ena ankainyoza kuti ndi yachikale, komatu chipolopolo chinkatha kungoboola nsalu n'kudutsa, amakaniko n'kuika chigamba pabwalo pomwepo. Anapanga ma Hurricane oposa 14,000, ndipo ku Burma ankagwirabe ntchito pomwe ku Ulaya anali atasiyira ndege zatsopano.

Mfuti zinandiuza mtundu weniweni. Ma Hurricane oyambirira anali ndi mfuti zisanu ndi zitatu za Browning .303 zobisika m'mapiko, kunja kumangooneka timabowo. Apa mipope iwiri italiitali inatulukira kutsogolo kwa phiko. Imeneyo ndi mizinga ya Hispano ya mamilimita 20, iwiri mbali iliyonse, kutanthauza Mk IIC. Pansi pa mphuno panalinso chotupa chachikulu, sefa ya Vokes yoteteza injini ya Merlin ku fumbi, yomwe ankaika pa ndege zopita kumayiko otentha.

Kupeza chaka ndiye kunafuna kudekha. Chizindikiro cha Royal Air Force (RAF), gulu la ndege zankhondo la Britain, ndi chozungulira, pakati pofiira. Kumayiko a kum'mawa monga Burma, kufiirako kunali koopsa, chifukwa patali kunkafanana ndi dzuwa lofiira la pa ndege za Ajapani, ndiye mu 1943 anakuchotsa n'kusiya mitundu iwiri ya buluu, wakuda kunja, wowala pakati. Pachithunzi chopanda mitundu, pakati pofiira pamaoneka pakuda. Pa ndege iyi panali powala. Kumayambiriro kwa 1945 anayamba kupaka malamba oyera pamapiko ndi kumchira, ndipo apa panalibe. Nditaphatikiza ndi mbiri ya gulu la agogo, nthawi inafupika kwambiri: gulu lawo lalikulu, 11th East African Division, linalowa m'chigwa cha Kabaw mu August 1944, mvula ili pakati, n'kufika ku Kalewa pamtsinje wa Chindwin mu December.

Kenako nambala ija ya kumchira, zilembo ziwiri ndi manambala atatu. Ku RAF Museum ku Hendon, mu London, amasunga makadi otchedwa Form 78, osonyeza kumene ndege iliyonse inatumizidwa. Musayembekezere zambiri pamenepa. Makadi a ndege zomwe zinapita kutsidya kwa nyanja kawirikawiri amangofika poti yatumizidwa ku India, basi.

Ntchito yeniyeni ili m'mabuku a tsiku ndi tsiku a magulu a ndege, omwe ali ku The National Archives ku Kew, mu London, m'gawo la zikalata lotchedwa AIR 27. Mumalembetsa pa intaneti n'kukopera mwezi womwe mukufuna. Form 540 imafotokoza mwachidule zochitika za tsikulo, pomwe Form 541 imandandalika ulendo uliwonse: ndege, woyendetsa, nthawi yonyamuka, nthawi yotera, ndi chomwe anakachita. Ine ndinatenga magulu a ma Hurricane a mu 221 Group, yomwe inkathandiza asilikali a Fourteenth Army, momwe munalinso gulu la agogo, kuchokera kudera la Imphal ku India, n'kumawerenga kuyambira August mpaka December. Ndi ntchito yotopetsa maso. Masamba ena ndi otuwa, taipi inali itatha inki, ndipo alembi ena ankangolemba chilembo chimodzi cha ndege m'malo mwa nambala yonse. Amenewo ndinkangowadumpha.

Nambalayo ndinaipeza m'masamba a November. Maulendo ake anali aafupi, owombera malo omwe Ajapani anakumba maenje ndiponso mabwato a pa Chindwin. Apa m'pamene nkhani za agogo zinagwirizana ndi pepala. Iwo ankanena kuti ndegezo zinkabwera m'munsi kwambiri, kuwombera patsogolo pawo asanayambe kukwera phiri, ndipo zina zikuluzikulu, zomwe ndi ma Dakota, zinkawaponyera chakudya ndi zipolopolo chifukwa msewu unali matope okhaokha. Dzina la ndege analiphonya, koma ntchito yake ankaifotokoza molondola.

Kuseri kwa chithunzicho ndinalembako ndi pensulo yofewa, osati bolopeni yomwe imadinda mpaka kutsogolo: Hurricane Mk IIC, nambala yake, gulu lake, kumapeto kwa 1944.