Sabata yomwe ndinamatula pemphero pachikuto

Lolemba m'mawa ndinapeza patebulo langa buku lakale la maakaunti lochokera ku Germany. Olibweretsa kuchipinda chathu chokonzera mabuku analibe nawo ntchito manambala a m'katimo, ankafuna chikuto. Chinali chikopa cholembedwa pamanja m'Chiheberi, zilembo zake zitazondoka. Womanga mabuku wina anadula mahzor, buku la mapemphero a Ayuda a pa masiku a zikondwerero, n'kukutira nalo buku la ngongole.

Zoterezi zinkachitika kwambiri. Ayuda akathamangitsidwa mumzinda mabuku awo ankalandidwa, ndipo chikopa chinkayenda malonda poti n'cholimba. Zimandiwawa, komabe chipanda womanga mabukuyo, bwenzi tsambali kulibe.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinangokhalira kufewetsa guluu. Chikopa sichigwirizana ndi madzi: chikanyowa chimakwinyika n'kuuma gwa. Ndiye timachipatsa chinyezi pang'onopang'ono, n'kumachinyamula ndi kachipangizo kafulati kafupa. Tsiku lathunthu ndinamatula malo osaposa chikhatho changa.

Lachinayi tsambalo linagona chagada, ndipo pakona yapansi panaoneka pakuda bii, pambali pake timadontho ta phula. Mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ine anatenga burashi. Ndinamugwira dzanja. Kudako ndi zala za otsogolera mapemphero amene ankatembenuza tsambali chaka ndi chaka, phulalo ndi la makandulo a m'sunagoge. Ukapukuta zimenezo wafufuta anthu.

Ndinamufotokozera za mahzor ya mumzinda wa Worms ku Germany, yomwe mlembi Simcha ben Yehuda anamaliza mu 1272. Anthu anapemphera nayo mpaka mu Novembala 1938 pomwe a Nazi, achipani cha Hitler, anatentha sunagoge wawo. Wosunga zolemba zakale za mzindawo, Friedrich Illert, anaibisa munsanja ya tchalitchi chachikulu, ndipo mu 1957 inapita ku Yerusalemu. Mkati mwa zilembo zake zikuluzikulu muli chiganizo cha Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a ku Ulaya, chakale kuposa zonse zodziwika chaka chake, chofunira tsiku labwino munthu amene anyamule bukulo kupita nalo kusunagoge. Mlembi anakumbukira ngakhale wosenza, chifukwa mabuku amenewa ndi olemera zedi.

Lachisanu kunabwera mayi wina wachikulire, katswiri wa Chiheberi. Anavala mandala, n'kuwerama osakhudza. Anati ndi ndakatulo ya pa Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo. Mzere womaliza unadulidwa pakati ndi mpeni wa womanga mabuku uja, koma iwo anapitiriza chapansipansi, pamtima, mpaka kumapeto kwa ndime. Ine ndi mtsikana uja tinangoima chilili, bokosi losungiramo lili yasa m'manja mwanga.