Fupa la Kapitawo

Kwathu kuno ku Limbuli, ndikati kwathu ndikunena kwawo kwa mayi a Tadala poti ine ndine mkamwini, pakhomo pali amuna awiri: ine ndi mphaka. Mwa awirife, wolemekezeka ndi mphakayo. Anabwera yekha mu Malichi 2023, masiku a namondwe wa Freddy aja, ali kamwana konyowa ngati chiguduli, n'kukabisala kuseri kwa mbaula. Tadala anamutcha Kapitawo, ati chifukwa khalidwe lake ndi la akapitawo a ku esiteti: kukhala pamthunzi n'kumayang'ana ena akukhetsa thukuta. Koma usiku amagwira ntchito. Chibwerere iye, khoswe sanaboolenso thumba la chimanga kapena la nandolo, moti apongozi anga akamawerenga othandiza pamudzi pano amayamba ndi Kapitawo, kenako mbuzi, ine ndimalowa malo akatsala.

Unali mwezi wa Ogasiti, chiperoni chitaphimba phiri lonse, sukulu zili pa tchuthi. Ine ndinali nditalengeza lamulo pakhomo kuti mpaka fizi ya Tadala itakwana, ndiwo ndi nkhwani, nyemba ndi soya pisi basi. Ndinalankhula mwamphamvu ndithu, chala chili m'mwamba. Komanso kuchipatala anali atandiletsa zamafuta chifukwa cha BP, ndiye lamulolo linkaoneka ngati la munthu wosamala mbali zonse. Lolemba madzulo ndinachedwa pang'ono kumsika, ndipo nditafika ndinayamba ndakhala kaye kuseri kwa khitchini mumdima pa zifukwa zanga. Kapitawo anali nane pomwepo. Zimenezi muzisunge.

Lachiwiri m'mawa Kapitawo anakana chakudya. Anapita pambale, n'kununkhiza, n'kubwerera chafutambuyo ngati waona njoka. Pofika masana dovu linali chuchuchu, akungodzipalasa kukamwa ndi phazi lakutsogolo, n'kukalowa pansi pa bedi.

"Bambo a Tadala, mphakayu tipite naye kwa a vetenale," anatero mayi a Tadala.

Ndinaseka. Ndinati kuyambira liti mphaka kukwera minibasi? Makolo athu ankaweta amphaka popanda dokotala, mphaka akadwala amadya udzu n'kuchira yekha. Ndinati tidikire tione. Mawu akuti "tidikire tione" ndimawakonda chifukwa salipiritsa.

Lachitatu madokotala a pamudzi anayamba kufika. Bambo wina woyandikana nafe anati wadya khoswe wa tameki, mumumwetse mkaka. Tinagula kapaketi ka mkaka, Kapitawo anangokayang'ana, ndinathira mu tiyi ndine. Apongozi, polankhula atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, anatuma mawu kudzera kwa mwana wawo kuti tisinje makala. Tinasinja, ndipo makalawo anathera pa malaya anga oyera a kutchalitchi. Mayi wina wa kumpingo anangoima pakhomo n'kunena kuti mphaka sadwala wamba, pali munthu. Atanena "munthu" anayang'ana ine, mwina poti ndine wobwera.

Usiku umenewo ndinaganiza zothetsa nkhani mwachimuna. Ndinatenga Panado m'kabati, n'kumuphwanya pa supuni, n'kuthira timadzi. Tadala anandipeza nditagwada pafupi ndi bedi, supuni m'manja.

"Adadi, mukufuna kumupha?"

Anandionetsa pafoni, ine osakhulupirira, koma dokotala anadzanena zomwezo pambuyo pake. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya Panado ngati cha munthu. Piritsi limodzi lokha limatha kumupha: magazi amaleka kunyamula mpweya, nkhama zimada, nkhope imatupa. Mankhwala amene ine ndimameza awiri ndisanapite kumunda, kwa Kapitawo ndi chiphe. Ndinamwa ndekha za pasupunizo kuti zisawonongeke, poti mutu unali utayambadi kuwawa.

Lachinayi kunabwera mawu amene anasintha zonse. Mnyamata wa kabaza anasuzumira pansi pa bedi, n'kuona dovu lija, n'kudumpha mpaka panja akukuwa kuti chiwewe. Pasanathe ola ana onse a pamudzi anali ataitanidwa m'nyumba, ndipo amalume a mayi a Tadala, mwini mbumba, anafika ndi chibonga. Mayi a Tadala anaima pachitseko ndi khadi la katemera m'manja, loonetsa kuti Kapitawo anabayidwa chaka chathachi pamene a zaziweto anabwera pabwalo la sukulu kudzabaya agalu. Amalume sawerenga makadi. Anati mawa dzuwa likalowa mphakayo adakali pano osaonedwa ndi dokotala, chibonga chilankhula.

Mphakayo anali atakhala masiku atatu osadya. Nthiti zinayamba kuwerengeka, ubweya unali nyankhalala, ndipo Tadala atatsina khungu la pakhosi linatsala chiimire ngati chihema m'malo mobwerera. Madzi anali atamuthera m'thupi. Pamenepo ngakhale ine "tidikire tione" anandithera.

Lachisanu m'mamawa ndinamuika m'katoni ya sopo, n'kuboola timabowo, n'kumanga ndi luzi. Tadala anatenga khadi. Titakwera minibasi yochokera ku Muloza, mwanayo anakakhala kutsogolo, kutali ndi ine, ngati sitidziwana.

"Madala, mukatonimo muli chiyani?" anafunsa kondakitala.

Mukudziwa mmene anthu amaonera bambo wamkulu woyenda ndi mphaka m'mamawa. Wonyamula nkhuku ndi mlendo wabwino, wonyamula mbuzi ndi wabizinesi, koma wonyamula mphaka afotokoze kumene anagona. Ndiye ndinati, "Nkhuku."

Tinayenda bwinobwino mpaka bambo wina wa jekete, Baibulo m'manja, anayamba kulalikira. Mutu wake unali wa afiti. Anati masiku ano sayendanso usiku wokha, amakwera nafe magalimoto masana dzuwa likuswa mtengo, katundu wawo ali pamiyendo. Ine ndinayang'ana pawindo, kuyamikira minda ya tiyi. Mlaliki atafika poti "Ndikumva mumzimu kuti muno muli chinthu," galimoto inagunda bampu, ndipo nkhuku yanga inalira kuti nyaaauuu, mawu aatali okhala ngati a mwana wakhanda.

Mayi amene ndinakhala naye pafupi anakuwa "Magazi a Yesu!" n'kukwera pamiyendo pa mnyamata wa sukulu. Mlaliki, amene ndikukhulupirira kuti sankayembekezera kuti mzimu uyankha msanga chotere, anayamba kufunafuna chitseko. Dalaivala anaponda buleki. Ndinatsitsidwa pakati pa minda ya tiyi, tisanafike n'komwe pa boma pa Mulanje, chenji osandipatsa. Tadala anatsika mochedwa, atayamba waganiza kaye.

Katoni ya sopo ikanyowa ndi dovu komanso zina za mphaka wamantha, pansi pake pamafewa. Ndinangomva kupepuka. Kapitawo, yemwe masiku atatu sankatha ngakhale kukweza mutu, anadutsa msewu ngati mphezi n'kulowa m'tiyi.

Amene sanalowepo m'munda wa tiyi sadziwa. Pamwamba pamaoneka posalala ngati tebulo lobiriwira, koma pansi ndi nthambi zolukanalukana zofika m'chiuno, zonyowa ndi mame. Mphaka amadutsa pansi ngati mumsewu wa tala, munthu amasiya khungu la m'miyendo. Chapatali panali anthu ochepa othyola tiyi, madengu kumsana. Ine ndinalowa ndikukuwa ndi mawu onse:

"Kapitawo! Iwe Kapitawo, chitsiru iwe! Wadya zanga zingati? Bwera kuno ndisanakuphwanye mutu!"

Othyola tiyi onse anaima. Kuchokera pansi pa mtengo kunadzuka bambo wamtali wa magambutsi, buku m'khwapa, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu amene sanatukwanidwepo pamaso pa antchito ake.

"Achimwene, mwati ndadya zanu zingati?"

Ndinafotokoza kuti sindikunena iwo, ndikunena mphaka. Zinaipiraipira. Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti iwo ndi mphaka. Amayi othyola tiyi anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anandipulumutsa ndi Tadala, amene anagwada mwaulemu n'kuwaonetsa khadi la katemera, pomwe panalembedwa ndi inki kuti dzina la chiweto: Kapitawo. Bamboyo anawerenga kawiri. Kenako anafunsa kuti n'chifukwa chiyani tinamutcha choncho, ndipo ine, amene ndinali nditanama kale kamodzi tsiku limenelo, ndinati chifukwa ndi wolimbikira ntchito.

Anatuma amayi anayi kuti atithandize. Anamuzungulira, mmodzi n'kumuvindikira ndi dengu. Ine pofuna kuonetsa kuti mwini wake ndine, ndinalowetsa dzanja. Anandiluma pachala chachikulu n'kundikala mkono wonse mpaka pachigongono. Mayi wina anavula chitenje, n'kumukulunga mphakayo bwinobwino mutu wokha uli panja, n'kumupereka kwa Tadala osati kwa ine. Tinafika pa boma pa njinga yamoto, Tadala atafukata mphaka ngati khanda, ine kumbuyo magazi ali chuchuchu.

Dokotala wa ziweto anali bambo wofatsa. Anamva nkhani yonse, n'kufunsa kuti mphakayo analeka liti kudya. Nditati Lachiwiri, anayang'ana kalendala, n'kundiyang'ana ine. Anati mphaka si galu. Akangotha tsiku lathunthu osadya, makamaka osamwanso madzi, musadikire, chifukwa akakhala masiku angapo ndi njala chiwindi chimadzaza mafuta ndipo matenda amene munali nawo amabala ena. Anatchulanso zina zosagonetsa: kupuma movutikira, kusanza kosalekeza, ndi mphaka wamwamuna amene akukhalira kukodza koma osatuluka kanthu, ameneyo akhoza kufa m'masiku awiri. Za mkaka anangopukusa mutu, ati amphaka akuluakulu ambiri umangowatsegula m'mimba.

Kenako anaona dzanja langa, nkhope n'kusintha. Ananditumiza pampopi ndi sopo kuti nditsuke bala mphindi 15, osati 14. Anati chiweto chochucha dovu sachipisa dzanja m'kamwa, chifukwa chiwewe chimanamiza anthu chomwecho, chimaoneka ngati fupa latsamwa pakhosi, munthu n'kupita ndi chala. Ndipo chiwewe chikangoyamba kuoneka mwa munthu, palibe chipatala chimene chimabweza. Ndinatsuka mpaka sopo anatha, ndikuwerenga machimo anga.

Pobwerera ndinapeza atavala magulovesi ochindikala, mnzawo atapana Kapitawo m'chitenje muja. Anamutsegula kukamwa, n'kuunika ndi tochi, n'kunena kuti "Ahaa." Analowetsa kachitsulo kopanira, n'kupotoza pang'ono, n'kutulutsa. Ntchito yonse sinakwane mphindi ziwiri. Kanali kafupa kosongoka, kotalika ngati kachitsotso ka machesi, kamene kanapingasa kumwamba kwa kamwa pakati pa mano a uku ndi uku. Anamubaya jakisoni wa chilonda, n'kumuikira madzi m'mbale, Kapitawo n'kumwa ngati wochokera ku Nsanje wapansi.

"La nkhuku ili," anatero dokotala akulitembenuza pa kuwala. "Lokazinga. Mafupa ophika amasweka mosongoka, musamamupatse."

"Kwathu nkhuku tinadya pa Isitala," anatero Tadala, pang'onopang'ono, akundiyang'ana.

Ine ndinati amphaka amayenda.

Mphaka anatuluka muofesimo atachira, wodwala ndinatsala ndine. Anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala kuti akaone bala, ati khadi la katemera ndi labwino koma za chiwewe sitichita mwayi, ndipo Kapitawo timutsekere n'kumuyang'anira masiku 10. Ndinakhala pamzere mpaka masana, ndinabayidwa, ndinalipira njinga kubwerera, ndinagula chitenje china chobwezera mayi uja. Pa Chitakale ndinamugulira Tadala bandulo ya intaneti ndi chinanazi chathunthu, tinagwirizana kuti amphaka amayendadi. Nditawerengera zonse, kamwendo kankhuku ka pachiwaya kamene ndinadyera mumdima Lolemba lija kanali katadya ndalama yogula nkhuku zamoyo zitatu ndi tambala wake.

Tadala anasunga pangano, sananene kanthu. Chimene sindinadziwe n'chakuti dokotala analemba zonse kuseri kwa khadi, ndi zilembo zooneka bwino, ndipo kafupako anakakulunga m'pepala n'kukamata pomwepo. Mayi a Tadala anawerenga ataima pakhonde. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti Lolemba kuseri kwa khitchini ndinkakonza chiyani, popeza anamva kukukuta koma anayesa makoswe abwerera.

Madzulo Kapitawo anapatsidwa usipa wosinja wofewa bwino, wogulidwa mwapadera, apongozi atakhala pambali kumuyang'anira ngati mdzukulu. Ine anandibweretsera nsima ndi mbale ya ndiwo yovindikira, madzi osamba m'manja, mwaulemu wonse, mpaka kugwada. Nditavundukula, pakati pa nkhwani panali kafupa kaja.

"Malizitsani, bambo a Tadala," anatero. "Munasiya."