Mupirocin ndi funso limene landimasula: tizilombo tili pati?

Nkhani ya mankhwala opaka pakhungu yandilowa tsopano, ndipo mtima wakhala pansi. Anzanga amene tili limodzi pa dermatology, maphunziro a matenda a khungu, mukudziwa mmene gawo la impetigo, zilonda zopatsirana za pakhungu zija, limatopetsera. Mayina a mankhwala, kupaka kangati, masiku angati, uyu mapiritsi, uyu kirimu, zonse zongoloweza. Ndinkaloweza madzulo, kukacha zabalalika. Chimene chazimanga pamodzi ndi funso limodzi: tizilomboti tili pati, nanga mankhwalawa afika pomwepo?

Za Staph aureus ndi Strep pyogenes, tizilombo timene timayambitsa impetigo, sindibwereza, tonse tinadutsamo chaka chatha. Ndiyambire pa kuya kwa khungu.

Impetigo imakhala pamwamba penipeni, mu epidermis. Mupirocin ndi antibayotiki wopaka pakhungu; wa 2% ndiye kuti galamu iliyonse ili ndi 20 mg ya mankhwala, ndipo onsewo akugwera pa tizilombo mwachindunji. Piritsi silingaunjike mankhwala ochuluka chonchi pa kachilonda kamodzi. Koma mphamvu yonseyi imathera pomwepo. Pakhungu labwino amalowa m'thupi ochepa kwambiri, ndipo ochepa omwe alowawo thupi limawasandutsa msanga monic acid, yemwe sapha kanthu, n'kumutaya mumkodzo. N'chifukwa chake simudzaona piritsi kapena jakisoni wa mupirocin. Ine ndinkayesa kuti opanga mankhwala anangosankha kutero. Ayi, mankhwalawo sakhalitsa m'magazi.

Nditamvetsa zimenezi, tebulo lonse la mankhwala timaloweza lija linayamba kudzilemba lokha. Cellulitis ili pansi, mu dermis (gawo la pansi pa epidermis) ndi m'mafuta a pansi pa khungu, ndiye upake bwanji mankhwala sakafikako. Chithupsa ndi thumba la mafinya, chimafuna kutumbula kuti mafinya atuluke, osati kuchizunguliza ndi mafuta. Ecthyma yaboola epidermis n'kulowa mu dermis, mapiritsi akufunika. Mwana watentha thupi, mwanabere watupa, kufiira kukukwera mwendo? Tizilombo tachoka pomwe kirimu amafika, ndiye timwetse flucloxacillin kapena cefalexin. Sindikuloweza tsopano, ndikungofunsa kuti tili pati.

Ngakhale nkhanambo zija zooneka ngati uchi wouma, funso ndi lomwelo. Tizilombo tili pansi pa nkhanambo. Kupaka pamwamba pake kuli ngati kuthira mchere pa chivundikiro cha poto n'kumadikira kuti ndiwo zikolera. Mayi ayambe wanyowetsa ndi madzi ofunda ndi sopo, nkhanambo zifewe zichoke zokha popanda kuzisenda mokakamiza, aumitse, kenako apake pang'ono, asambe m'manja. Malangizo amenewa m'manotsi mwathu ndi kamzere kamodzi kakumapeto, koma ine ndikuona kuti theka la mankhwala lili pamenepa.

Pamene ndinasangalala kwambiri ndi pa polyethylene glycol. Mafuta a mupirocin opaka pakhungu amasakanizidwa mu chinthu chimenechi, ndipo buku limachenjeza kuti tisapake pa zilonda zazikulu zotseguka kapena pamene munthu wapsa kwambiri, makamaka ngati impso zake sizikugwira bwino ntchito. Kale ndinkaliona ngati chenjezo loima palokha. Koma ndi funso lomwe lija mongolitembenuza: khungu likachokapo, chotchinga chachoka, ndiye zimene zinayenera kukhala kunja zimalowa, ndipo impso ndi zimene zimasenza katunduyo. Nachonso chifukwa chake mupirocin wopaka m'mphuno amapangidwa payekha ndi mafuta ena.

Pali pamodzi pamene ndinayamba ndakakamira. Bullous impetigo, ya matuza ija, nayonso ili pamwamba. Poizoni wa Staph amadula desmoglein 1, puloteni yomata maselo a khungu, kumtunda kwa epidermis, n'chifukwa chake matuza ake amakhala ofewa, osachedwa kuphulika. Ndiye bwanji malangizo a 2020 a NICE, bungwe la ku England lopereka malangizo a zachipatala, akuti timwetse mapiritsi? Mmene ndaimvera ine, kuya si mbali yokhayo, palinso kutambalala. Matuzawa amakonda makanda, amafalikira msanga, ndipo poizoniyo akalowa m'magazi khungu lingasupuke malo ambiri. Choncho "tili pati" akutanthauza pansi komanso m'mbali.

Kagwiridwe ka ntchito ka mupirocin nako n'kokoma ukakamvetsa. Mupirocin anachokera ku Pseudomonas fluorescens, anamupeza mu 1971, ndipo poyamba ankatchedwa pseudomonic acid. Amakakhala pa enzyme ya kachilombo yotchedwa isoleucyl-tRNA synthetase, pamalo pomwe isoleucine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, anayenera kukhala, ndiye kachilombo kamalephera kumanga mapuloteni ake. Maantibayotiki ena amene timalemba tsiku ndi tsiku samenya pamenepo, n'chifukwa chake ngakhale MRSA, Staph aureus wosamva maantibayotiki ambiri, nthawi zambiri amamumva. Pseudomonas samumva, ndipo chipere ndiye sachikhudza n'komwe poti ndi fangasi. Fusidic acid, antibayotiki winanso wopaka pa impetigo, iye amamenya pena, pa elongation factor G.

Kenako nkhani ya kusamva mankhwala, yomwe poyamba inkandisokoneza: ngati mankhwala aunjikana chonchi, kachilombo kapulumuka bwanji? Njira ndi ziwiri. Ina, enzyme yake yomwe imasintha pang'ono, ndipo kusamvako kumakhala kochepa. Inayo ndiye yoopsa: kachilombo kamalandira jini ya mupA kudzera pa plasmid, kachidutswa ka DNA kamene tizilombo timapatsirana, n'kukhala ndi enzyme yachiwiri imene mupirocin saigwira. Zikatero, uunjike bwanji, palibe chichitika. Ndipo pakhungu si pachilonda pokha pamene pali Staph. M'mbali mwa pamene wapaka, m'zala, m'mphuno, tizilombo timakumana ndi mankhwala ochepa osakwana kutipha, ndipo munthu akamapaka milungu ndi milungu totsalawo ndi tolimba.

Ku New Zealand anazionera. Kuyambira 1991 mpaka 2000 mupirocin ankagulidwa kufamase popanda chikalata cha dokotala, ndipo pofika 1999 Staph aureus woposa gawo limodzi mwa magawo anayi sankamumvanso. Atabweza lamulo la chikalata, kusamvako kunatsika, koma anthu anakhamukira ku fusidic acid, nayenso n'kuyamba kulephera chimodzimodzi. Chimene chikundiwawa n'chakuti onse awiri ali ndi ntchito ina yaikulu. Mupirocin ndi amene amachotsera MRSA m'mphuno, ndipo fusidic acid ali ndi mapiritsi othandiza pa matenda a Staph a m'mafupa. Tikawamaliza pa tizilonda timene tikanapola ndi sopo, tawalanda odwala amenewo. Choncho kupaka mupirocin katatu patsiku kwa masiku 5 si nambala yongolemba pa mayeso. Zikapanda kusintha, muonenso wodwalayo, musamuwonjezere chubu china. NICE yomweyo inafika poika kirimu wa hydrogen peroxide 1% patsogolo pa impetigo ya malo ochepa yopanda matuza, kuti maantibayotiki asungike.

Njira imene yanditsegula mutu ndi kujambula. Pepala, bolopeni, mizere yopingasa: epidermis, dermis, mafuta. Matenda aliwonse ndikuwaika pamene amakhala, kenako muvi wotsika kusonyeza pomwe mankhwala amalekezera. Muzijambula ndi dzanja, osati kuyang'ana chithunzi cha pa foni, chifukwa dzanja likamatsika ndi muvi mutu umatsika nawo. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti dermatology yonse ikhoza kukwana pa pepala limeneli, ndipo mwina pharmacology yonse ingaphunziridwe pofunsa kuti mankhwala afika pati. Amene mumalumbirira makadi oloweza aja, ndikukupemphani, yesani kujambula usiku umodzi wokha muone.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zimenezi zikanatha kunenedwa pa bolodi m'kanthawi kochepa. Aphunzitsi athu amadziwa, ukawaona kuwodi akugwira mwendo wa wodwala umachita kuoneratu kuti m'mutu mwawo akuyeza kuya. Koma m'kalasi amathamanga ndi masilaidi, mankhwala opaka n'kugwera kumapeto anthu atayamba kale kulongedza zikwama. Ukafunsa chifukwa chake, akuti kawerengeni. Tiwerenga nthawi yanji? M'mawa kuwodi, masana kalasi, madzulo ntchito yolemba, magetsi akazima ndiye basi. Sindikuwaimba mlandu onse, nawonso nthawi imawachepera, ndipo mayeso amafunsa mlingo ndi masiku, safunsa chifukwa. Komabe munthu umamva kuwawa kuti wataya masabata pa chinthu chimene chinangofuna mizere pa pepala.

Ndikaganiza za ana amene timawaona ku OPD, funso lija likupitirira. Ambiri mwa iwo zilonda zawo zili pamwamba pa mphere. Mwana wakanda usiku wonse, Strep n'kulowa pomwe wakandapo. Upake mupirocin osachiza mphere, ndi banja lonse lomwe, zilonda zibweranso. Ena amabwera atapaka kale makirimu a kumsika osakaniza ndi steroid, kufiira kwazimiririka, chipere kapena chilonda sichikuzindikirikanso. Ndipo mayi timuuze za impso, poti Strep wa pakhungu angadwalitse impso pambuyo pake: nkhope ikatupa kapena mkodzo ukada patapita milungu ingapo, abwere naye msanga, chifukwa kupola kwa zilonda sikutsimikizira kuti impso zapulumuka.

Apa ndi pamene pepala langa likuyamba kuchepa. Buku limati malo ochepa paka, malo ambiri mwetsa. Koma mwana ali ndi zilonda zingapo kumwendo, zina m'mutu, sakutentha thupi, akusewera. Achokera kutali, ndipo mayi akunena poyera kuti sabata ino sangabwerenso. Kufamase mwina mupirocin kulibe, kuli GV (gentian violet) yekha. Mtima wina ukuti ndimwetse mapiritsi kuti ndisamutaye mwanayo, wina ukuti ndikatero kwa aliyense wochokera kutali ndiye ndikuthandiza kuononga mankhwala omwe ndangophunzira kuwasunga. Ndikufuna ndikafunse kuwodi mawa, koma ndikukayika ngati yankho lake likhale limodzi. Mwina amene munadutsa kale pa gawoli muli ndi pomwe mumadulira, ine pakadali pano sindinapapeze.